Nyemba, Nandolo ndi Khansa ya M'matumbo: Zimene Kafukufuku Wapeza

Alimi ambiri a ku Goliati ndi midzi yozungulira minda ya tiyi m'boma la Thyolo amaona nandolo ndi nyemba ngati mbewu zopezera ndalama basi. Akakolola amagulitsa pafupifupi zonse kwa mavenda, pakhomo n'kutsala nsima ya ufa woyera ndi ndiwo zochepa. Komatu kafukufuku wa zaka zambiri akusonyeza kuti mbewu zimenezi zili ndi gawo poteteza munthu ku khansa ya thumbo lalikulu.

Nkhaniyi inayambira mu Africa muno. M'chaka cha 1971, Dr Denis Burkitt, dokotala wa maopaleshoni amene anagwira ntchito ku Uganda, analemba kuti khansa imeneyi inali yosowa m'midzi ya mu Africa koma yofala ku Ulaya ndi ku America. Iye anati kusiyanaku kunkachokera pa chakudya, pakuti anthu a kumudzi ankadya nyemba, masamba ndi mbewu zosachotsa gaga.

Pofuna kuyesa maganizo amenewa, akatswiri anagwiritsa ntchito makoswe oweta. Makoswewo amabayidwa mankhwala otchedwa azoxymethane amene amayambitsa zotupa m'matumbo. Kenaka amagawidwa m'magulu, gulu lililonse n'kumapatsidwa chakudya chakechake. Pakatha miyezi, akatswiri amawerenga zotupa zimene zamera m'gulu lililonse.

M'chaka cha 1992, gulu la Lilian Thompson pa yunivesite ya Toronto ku Canada linapeza kuti makoswe odya njere za flax anali ndi zizindikiro zochepa za chiyambi cha khansa. M'chaka cha 2002, Maurice Bennink ndi mnzake pa yunivesite ya Michigan State ku America anapeza kuti makoswe odyetsedwa nyemba zakuda ndi zoyera anamera zotupa zochepa poyerekeza ndi amene sanadye nyemba.

Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti gaga ndi mbali zina za mbewuzi sizigayika m'mimba, choncho zimafika m'thumbo lalikulu. Kumeneko tizilombo tabwino timazisasitsa n'kupanga asidi wotchedwa butyrate amene amadyetsa maselo a khoma la thumbo. Gaga amathandizanso kuti chimbudzi chisachedwe m'thupi.

Ngakhale zili choncho, khoswe si munthu. Makoswe aja anachita kuyambitsidwa matenda ndi mankhwala, ndiponso nyemba zinali gawo lalikulu kwambiri la chakudya chawo. Umboni wokhudza anthu unabwera ndi bungwe la World Cancer Research Fund, lomwe m'chaka cha 2017 linati zakudya za gaga ndi mbewu zosakonola zimachepetsa chiopsezo cha khansayi, pamene mowa, kunenepa kwambiri ndi nyama yokonzedwa ku fakitale monga masoseji zimachikweza.

Phunziro kwa mabanja a ku Goliati n'lakuti asunge gawo la nandolo, nyemba, khobwe ndi soya kuti azidya chaka chonse, ndipo mgaiwa asamauone ngati ufa wa aumphawi. Nthanga za maungu, chitowe ndi nsinjiro n'zoyenera kuthira m'ndiwo ndi m'phala. Chimanga ndi mtedza ziyenera kuuma bwino zisanasungidwe, chifukwa chuku chimatulutsa poizoni wa aflatoxin amene amayambitsa khansa ya chiwindi.

Chofunika kumvetsa n'chakuti mbewuzi zimathandiza kupewa, sizichiza. Wogulitsa ufa wa njere n'kumanena kuti ndi mankhwala a khansa akunamiza anthu ndipo akuwachedwetsa kupeza thandizo. Munthu amene akuona magazi m'chimbudzi, amene akutsegula m'mimba kapena kudzimbidwa kwa milungu ingapo, kapena amene akuonda popanda chifukwa, apite msanga kuchipatala chapafupi. Ngati pakufunika kuunika kwina, achipatala adzamutumiza ku chipatala cha boma cha Thyolo kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Khansa ya m'matumbo ikadziwika msanga, madokotala amatha kuchotsa chotupacho chisanafalikire ku ziwalo zina.