Samson Kambalu ndi Chipewa cha Chilembwe

Mumzinda wa London, ku England, muli bwalo lalikulu lotchedwa Trafalgar Square. M'ngodya za bwaloli muli nsanja zinayi zamiyala. Pa nsanja zitatu pali ziboliboli za mfumu ndi akuluakulu a nkhondo a ku Britain, koma yachinayi inakhala yopanda kanthu kwa zaka zoposa 150. Masiku ano amisiri amasinthana kuikapo ntchito zawo. M'chaka cha 2022 mwayi umenewu unagwera Mmalaŵi, Samson Kambalu.

Kambalu anabadwa m'chaka cha 1975. Anaphunzira ku Kamuzu Academy ndi ku Chancellor College, ku Zomba, kenaka anapita ku England, kumene anadzakhala mphunzitsi wa zaluso pa Yunivesite ya Oxford.

Pokonza chiboliboli chake, iye anatsanzira chithunzi chimene chinajambulidwa m'chaka cha 1914 ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Pachithunzipo Mbusa John Chilembwe waima pa tchalitchi chake chatsopano pamodzi ndi mmishonale wachizungu, John Chorley. Chilembwe wavala suti ndi chipewa, monga anazolowera pamene ankaphunzira ku America.

Chipewa ndi kanthu kochepa, koma masiku amenewo chinali ndi mlandu. Munthu wakuda akakumana ndi Mzungu ankayenera kuvula chipewa, ndipo wokana ankaona zakuda. Motero Chilembwe anatenga chovala cha Azungu omwewo n'kuchisandutsa chonenera kuti iye ndi munthu monga iwo. Chaka chotsatira, mu 1915, anaukira boma la atsamunda ndipo anaphedwa. Tchalitchi chija anachigumula.

Pachithunzi chija amuna awiriwa sasiyana kwenikweni msinkhu. Koma Kambalu anachita dala kukuza Chilembwe kuti akhale chimphona, pamene Chorley anamusiya pa msinkhu wa munthu wamba. Sikuti anafuna kunyoza Chorley ayi, pakuti awiriwo anali paubwenzi. Anafuna kuti maso a anthu ayambe agwera pa munthu amene mabuku a ku Ulaya ankamudumpha.

Dzina la chibolibolicho ndi lachingerezi, Antelope, mawu otchulira nyama monga gwape ndi mphalapala. Mngerezi akamva dzinali amadabwa, chifukwa pansanjapo palibe nyama. Koma Mchewa amakumbukira Kasiyamaliro, chilombo cholemekezeka cha Gule Wamkulu, chimene chimaoneka ngati nyama yotere. Dzina lachingerezi linasenza tanthauzo la kudambwe.

Kwa zaka ziwiri Chilembwe anaima pakati pa London chipewa chili kumutu, ndipo anthu ambiri odutsa, amene anali asanamvepo za iye, ankaima kuti awerenge dzina lake. Chibolibolicho chinatsitsidwa m'chaka cha 2024 kuti mmisiri wina, wa ku Mexico, aikepo ntchito yake.