KODI TAYALA LOMATA LINGAYENDE PA MISEU YA KU MAFINGA?

Nkhani ya pa wailesi, yolankhula kwa mafumu ndi acikumbi

 Lero tikambirana za tayala limene linabooka ndipo linamatidwa. Kodi tayala lotere lingathe kunyamula anthu ndi mbeu zao pa miseu yathu ya miyala ndi zitunda popanda ngozi? Inde lingathe, koma pokhapokha ngati linabooka pa malo oyenera kumata, ndiponso ngati mmisiri anagwira nchito yace bwino. Kubooka kwina sikumatika, ngakhale mmisiriyo akhale wodziwa cotani.

Poyamba tidziwe m'mene tayala liriri. Ambiri amayesa kuti tayala ndi mphira yekhayekha. Iai, si conco. M'kati mwa mphirayo muli nsalu ya zingwe zolimba. M'matayala a mtundu wa masiku ano, umene kampani ya Michelin ya ku France inatulukira mu 1946, mulinso mawaya acitsulo pansi pa mbali imene imaponda pansi. Zingwe ndi mawayawo ndiwo mafupa a tayala. Mpweya ndiwo umasenza katundu, ndipo zingwe ndizo zimagwira mphira kuti mpweya usamng'ambe. Msomali ukalowa umadula zingwe zowerengeka zokha, koma mwala wakuthwa ukaceka m'mbali umadula zambiri. Tsono gwiritsani mau awa: cigamba cimatseka mpweya, koma sicilumikiza zingwe zoduka.

M'maiko ena muli mabwalo opikisanirapo magalimoto, monga bwalo la Kyalami pafupi ndi Johannesburg ku South Africa, limene linatsegulidwa mu 1961. Pa mipikisano yaikulu ya m'mabwalo otere tayala likabooka amalicotsa nabveka lina, salimata ai. Cifukwa cace ndi cakuti pa liwiro lalikulu tayala limatentha kwambiri ndi kupindika pa makona, ndipo pamene pali bala ndipo pamayamba kugonja. Makampani ena opanga matayala amanenanso poyera kuti tayala likamatidwa iwo sabvomerezanso liwiro lija analemba m'mbali mwace.

Kapena wina adzati, "Ife kuno sitipikisana, timayenda pang'onopang'ono." N'zoona. Koma adani a cigamba ndi omwewo, kutentha ndi kupindika, ndipo kuno ali nao wacitatu, ndiye katundu wolemera. Nsonga za mapiri a Mafinga zimapitirira mamita 2,000, ndipo miseu ya m'munsi mwace iri ndi zitunda, zitsikire ndi miyala. Galimoto yodzaza matumba a cimanga ndi nyemba imakanikiza tayala, tayala limaphwanyika ndi kuongoka pa kuzungulira kuli konse, ndipo motero limatentha ngakhale liwiro liri locepa. Pa citsikire cacitali mabuleki naonso amaonjeza moto wao. Ndipo dalaivala akatuluka m'pfumbi nafika pa mseu wa tara wocokera ku Chitipa kutsikira ku Karonga, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, amaponda mafuta. Tayala limene labvulala kale pa miyala limaphulikira pomwepo. Akulu anati cakudza siciimba ng'oma.

Tsono nawa malamulo asanu a kamatidwe kabwino.

Loyamba, onani malo a bala. Gawani mbali yoponda pansi m'magawo anai m'mimba mwace. Lamulo la ku Britain lochedwa BS AU 159 limalola kumata wamba pakati pokha, pa magawo atatu mwa anaiwo. Bala la m'mbali mwa tayala, kapena la pa ngodya pamene mbali yoponda pansi ikumana ndi m'mbali, musalimate, pakuti pamenepo ndipo tayala limapindika koposa ndipo cigamba cimamatuka.

Laciwiri, onani kukula kwa bala. Pa tayala la galimoto yaing'ono bowo lisapitirire mamilimita 6, ndiko kunena kuti pensulo isathe kulowamo. Bowo la msomali kapena la munga limamatika. Pong'ambika ngati poceka ndi mpeni sipamatika.

Lacitatu, tayala licotsedwe pa limu kuti mmisiri aone m'kati. Ngati galimoto inayenda mtunda tayala liri lophwa, m'katimo mudzapeza ufa wakuda wa mphira kapena makwinya. Tayala lotero lafa, ngakhale kunja lioneke labwino.

Lacinai, bowo litsekedwe lonse ndi mphira, ndipo cigamba cimatidwe m'kati. Kacingwe kaja amangolasa kucokera kunja tayala liri pa galimoto n'kothandiza pa njira pokha, kuti mukafike kwa mmisiri. Bowo losatsekedwa bwino limalowetsa madzi ndi matope m'dzinja, mawaya amacita dzimbiri, ndipo tsiku lina mphira amasendeka yense.

Lacisanu, zigamba ziwiri zisagundane kapena kusanjikana. Tayala lotupa ngati cithupsa, long'aluka ndi dzuwa, kapena limene mizere yace yatha kufika pa mamilimita 1.6, musaliike cigamba, mungotaya ndalama. Pofuna kudziwa ukalamba wace, werengani manambala anai otsiriza pa mzere woyamba ndi malemba akuti DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi caka: 2318 ndiye kuti sabata la 23 la caka ca 2018. Makampani ambiri amati tayala lokwana zaka 10 lipume, ngakhale mizere iripo.

Ambiri a inu muli ndi njinga, njinga zamoto kapena ngolo, zimene matayala ace ali ndi chubu. Chubu cimamatika bwino ngati mwacipala, mwapukuta pfumbi, ndipo mwadikira kuti guluu aume pang'ono musanaike cigamba. Musaiwale kusisita m'kati mwa tayala ndi zala mosamala kuti mucotse munga umene unalasa, kuopa kuti ungalasenso. Kumanga chubu ndi kacingwe ka mphira, kapena kulowetsa cidutswa ca tayala lakale pong'ambika, kungakufikitseni kunyumba mukuyenda pang'ono. Koma musanyamule nako munthu pa citsikire, cifukwa cidutswaco cimakhula chubu mpaka kucibooleranso.

Nanga tayala lomata bwino tiliike kuti? Pa lole ya matayala awiri-awiri kumbuyo, liikeni kumbuyoko, kuti likaphwa linzace ligwirire. Kutsogolo kuli ciongolero, ndipo kumafunika matayala abwino koposa onse. Pa njinga yamoto n'cimodzimodzi: tayala lakutsogolo likaphulika palibe cokugwirani, tsono ngati mukulikaika gulani lina. Tayala limene silingathenso liwiro la galimoto, koma silinang'ambike, lingagwirebe nchito pa ngolo ya ng'ombe imene imayenda pang'onopang'ono.

Yesani mpweya m'mawa tayala lisanatenthe, ndipo popani monga analembera opanga galimotoyo. Mpweya wocepa ndiwo umapha zigamba zambiri. Thirani madzi a sopo pomatapo, ndipo mukaona thobvu likutukuka dziwani kuti mpweya ukutuluka. Pa ulendo woyamba imani mutayenda pang'ono, mugwire tayalalo. Ngati latentha koposa anzace, pali cobvuta. Tayala likaphulika muli pa ulendo, gwirani ciongolero zolimba ndi manja awiri, musaponde buleki mwadzidzidzi, lekani galimoto icepetse liwiro yokha, ndipo muime pambali.

Potsiriza ndilankhule ndi inu mafumu ndi anyakwawa. Anthu anu akacita hayala galimoto yotengera mbeu kumsika, yopita kumaliro, kapena yonyamula wodwala kunka ku cipatala ca ku Chitipa, tumani munthu wamkulu azungulire galimotoyo anthu asanakwere. Aone ngati pali tayala lotupa, losokedwa kapena loonekera mawaya. Afunse dalaivala mwaulemu kuti ndi tayala liti linamatidwa, pati, ndipo aonetse sipeya ndi jeke. Safunsa anadya phula. Musalole matumba oonjeza pa muyeso wa galimoto cifukwa cofuna kupulumutsa mtengo wa ulendo waciwiri. Ndipo mvula ikatha itanani anthu a m'mudzi kuti mucotse miyala yakuthwa ndi zitsa pa mseu wanu, pakuti mseu wosamalidwa umasunga matayala a onse.

Tayala latsopano n'lodula, ndipo palibe akukuuzani kuti mutaye liri lonse lolasidwa ndi msomali. Matani limene liri loyenera kumata, mwa njira yace. Limene zingwe zace zaduka, licotseni pa galimoto lisanabvulaze anthu.