Kuyezetsa Thupi Pantchito: Chitetezo cha Anthu Amene Amasamalira Mzinda wa Mzuzu

Tsiku ndi tsiku, nkhungu isanachoke m'mapiri a Kaning'ina, anthu ena mu mzinda wa Mzuzu amakhala atayamba kale ntchito. Osesa amakhala akuunjika zinyalala mumsika waukulu ndi padepoti, anzawo akuzikweza pagalimoto kuti akazitaye kumtaya. Pachipatala cha Mzuzu Central ndi pa Mapale, anamwino ndi othandizira odwala amakhala akumaliza ntchito ya usiku. Ozimitsa moto a khonsolo, apolisi a pamsewu wa M1, oyang'anira akaidi ndi okonza mapaipi a madzi nawonso amakhala ali pamalo awo. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti mu mzindawu muli anthu oposa 221,000, ndipo ukhondo ndi chitetezo cha anthu onsewa zili m'manja mwa antchito ochepawa.

Ntchito zimenezi zimamuika munthu pafupi ndi magazi, zonyansa, fumbi, utsi, phokoso ndi mpweya wa odwala. Ngozi zina zimaoneka nthawi yomweyo, monga kupsa kapena kuthyoka mwendo. Zina zimalowa m'thupi mwakachetechete n'kudzaonekera patapita zaka, munthu atafooka kale. Kuyezetsa thupi pantchito kudakhazikitsidwa pofuna kugwira ngozi za mtundu wachiwiriwu zisanakule.

Kuyezetsa kumeneku n'kotani?

Munthu amapita kuchipatala akamva kupweteka. Kuyezetsa kwa pantchito n'kosiyana chifukwa kumachitika kwa munthu amene akudzimva kuti ali bwino, pa nthawi yoikika, ndipo zoyezazo zimasankhidwa potengera zoopsa za ntchito yake.

Pali nthawi zinayi zimene kuyezaku kumafunika. Yoyamba ndi pamene munthu akuyamba ntchito, kuti padziwike mmene mapapo, makutu, maso ndi magazi ake alili asanakumane ndi zoopsa. Yachiwiri ndi ya kawirikawiri, mwachitsanzo kamodzi pachaka. Yachitatu ndi pamene pachitika ngozi, monga kubayidwa ndi singano yogwiritsidwa kale ntchito. Yomaliza ndi pamene munthu akupuma kapena kusiya ntchito.

Kuyeza koyamba kuja ndiye maziko a zonse. Wogwira ntchito yokonza misewu akapezeka kuti sakumva bwino patatha zaka 15, zotsatira za chaka chimene adayamba ntchito ndi zimene zimasonyeza kuti makutu ake adali abwino. Popanda umboni umenewu, kumakhala kovuta kutsimikiza kuti vutolo ladza ndi ntchito, ndipo nkhani ya chipukutamisozi imangothera m'makani.

Matenda amene amabisala

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Matenda atatu amene amavutitsa antchito ambiri ali ndi khalidwe lomweli.

Oyamba ndi kuthamanga kwa magazi, kumene ambiri amangoti BP. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo udachita mu 2009 mothandizidwa ndi bungwe la WHO adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno adali ndi vutoli, ndipo oposa 90 mwa 100 alionse a iwowa sankadziwa kapena sankalandira mankhwala. BP siipweteka. Imaononga mitsempha, mtima ndi impso pang'onopang'ono, mpaka tsiku lina munthu n'kufa ziwalo. Kuyeza kwake kumatenga mphindi zochepa, ndipo zotsatira zikafika pa 140/90 kapena kuposa pamasiku awiri osiyana, munthu amafunika thandizo. Dalaivala wa ambulansi kapena wa galimoto yozimitsa moto akadwala mwadzidzidzi ali pachiongolero, ngoziyo imagweranso odwala amene wanyamula ndi anthu oyenda m'mbali mwa msewu. N'chifukwa chake madalaivala amayezedwanso shuga ndi maso.

Achiwiri ndi chifuwa chachikulu cha TB. Tizilombo take timayenda mumpweya, ndipo timachuluka m'zipinda zothithikana zopanda mawindo okwanira. Anamwino, osesa m'mawodi a chipatala, alangizi a zaumoyo ndi oyang'anira akaidi amapuma mpweya wotere maola ambiri pa sabata. Malangizo a WHO a mu 2021 amanena kuti m'ndende ndiponso pakati pa anthu ogwira ntchito pafumbi la miyala, kuyeza TB kuzichitika mwadongosolo, osadikira kuti wina adandaule. Woyeza amafunsa za kutsokomola, kutentha thupi, kutuluka thukuta usiku ndi kuonda. Kenaka pamabwera kujambula pachifuwa ndi kuyeza makhololo pamakina a GeneXpert. M'zipatala za boma kuyeza ndi mankhwala a TB n'zaulere, ndipo TB wamba amachizika m'miyezi isanu ndi umodzi. Wodwala akayamba mankhwala oyenera, mphamvu yopatsira ena imatsika msanga, motero kumupeza mofulumira kumatetezanso ana ogona naye nyumba imodzi ku Chibavi, ku Masasa kapena ku Zolozolo.

Achitatu ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, amene amafala kudzera m'magazi. Kachilombo kake n'kolimba: kamatha kukhala ndi moyo kunja kwa thupi kwa masiku osachepera asanu ndi awiri. Munthu akabayidwa ndi singano imene ili ndi magazi a HIV, mwayi wotenga kachilomboko ndi pafupifupi 3 mwa 1,000. Ikakhala hepatitis B, mwayiwo ungafike 30 mwa 100 kwa munthu wosalandira katemera. Kachilomboka kamatha kukhala m'thupi zaka zambiri popanda chizindikiro, n'kudzathera pa kuuma kwa chiwindi kapena khansa. Dziko la Malawi lidayamba kupereka katemera wa matendawa kwa makanda mu 2002. Izi zikutanthauza kuti antchito amene adabadwa chakacho chisanafike sadalandire katemerayu ali ana. Wamkulu amabayidwa katatu m'miyezi isanu ndi umodzi, ndipo chitetezo chake chimakhalitsa zaka zambirimbiri.

Ntchito iliyonse ndi zoyeza zake

Kuyeza anthu onse mofanana n'kutaya ndalama. Onyamula zinyalala ndi opopa zimbudzi amafunika kuonedwa khungu, msana ndi m'mimba, komanso kulandira katemera wa hepatitis B ndi wa kafumbata. Amayi ambiri amalandira katemera wa kafumbata kusikelo ya oyembekezera, koma abambo kawirikawiri sabayidwanso akakula, chonsecho ndi amene amachekedwa ndi malata ndi mabotolo osweka kumtaya. Mliri wa kolera umene udayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno udasonyeza kuopsa kwa ntchito yogwira zonyansa za anthu.

Ozimitsa moto amafunika kuyezedwa mtima ndi mapapo, chifukwa amanyamula zida zolemera mu utsi ndi kutentha. Ogwira ntchito zamisewu ndi oyendetsa makina amayezedwa makutu, pakuti phokoso loposa madesibelo 85 kwa maola asanu ndi atatu tsiku lililonse limapha makutu, ndipo makutu akafa motere sachiranso. Amayezedwanso mapapo chifukwa cha fumbi la miyala. Mabanja ambiri a m'chigawo cha kumpoto akudziwa bwino za fumbi limeneli: abambo amene adapita kumigodi ya ku South Africa kudzera ku WENELA ena adabwerera akuoneka athanzi, chifuwa n'kudzawayamba patatha zaka ali kumudzi.

Palinso matenda a maganizo. Wapolisi amene amatola mitembo pangozi za pamsewu, kapena namwino amene adaona odwala akumwalira motsatizana m'nthawi ya COVID-19, amatha kusowa tulo, kupsa mtima msanga kapena kuyamba kumwa mowa mopitirira. Mafunso ochepa ofunsidwa mwaulemu pa nthawi yoyeza amathandiza kumuzindikira munthu wotere. Mzinda wa Mzuzu uli ndi mwayi chifukwa chipatala cha St John of God, chimene chimathandiza odwala matenda a maganizo, chili momwemuno.

Zimene malamulo amanena

Gawo 31 la Malamulo Aakulu a dziko la Malawi limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi motetezeka. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la mu 1997 lidaika udindo woteteza moyo ndi thanzi la antchito pa olemba ntchito, kuphatikizapo kupereka zovala zodzitetezera. Lamulo la Workers' Compensation Act la mu 2000 limakamba za chipukutamisozi kwa wovulala pantchito kapena wodwala matenda odza ndi ntchito. Mu 2019 dziko lino lidavomereza mapangano atatu a bungwe la ILO okhudza chitetezo pantchito, a nambala 155, 184 ndi 187, ndipo mu 2022 bungweli lidalengeza kuti malo ogwirira ntchito otetezeka ndi umodzi mwa maufulu oyambirira a wantchito aliyense. Kuyendera malo a ntchito ndi kulandira madandaulo ndi udindo wa Unduna wa Zantchito.

Mantha amene amalepheretsa anthu

Antchito ambiri amazemba kuyezetsa chifukwa cha mantha awiri: kuti abwana ndi anzawo adziwa matenda awo, komanso kuti akapezeka ndi vuto achotsedwa ntchito. Mantha amenewa ndi aakulu makamaka kwa aganyu ndi olembedwa kwa miyezi yochepa, amene nthawi zambiri ndi omwe amagwira ntchito zoopsa kwambiri.

Dongosolo labwino limayankha mantha onse awiri. Zotsatira zimakhala pakati pa wantchito ndi wachipatala. Abwana amangouzidwa ngati munthuyo angapitirize ntchito yake, ngati akufunika ntchito yopepukirapo kwa kanthawi, kapena ngati akufunika tchuthi cha matenda. Dzina la matenda silipita kuofesi. Pa nkhani ya HIV, lamulo la mu 2018 lokhudza HIV ndi Edzi limaletsa kukakamiza munthu kuyezetsa ndiponso kumusala pantchito chifukwa cha kachilomboka. Kuyezetsa HIV kumachitika munthu akafuna yekha, atalandira uphungu.

BP, shuga, TB ndi HIV ndi matenda amene anthu ambiri akugwira nawo ntchito bwinobwino ali pamankhwala. Chimene chimachotsa munthu pantchito msanga ndi matenda opezeka mochedwa. Mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Kuyeza pakokha sikukwanira

Tsiku limodzi loyeza anthu, lokhala ndi matenti ndi zokamba za akuluakulu, silipindula kanthu ngati opezeka ndi vuto satsatiridwa. Aliyense wopezeka ndi BP kapena shuga ayenera kulembedwa m'buku lake la kuchipatala, kupatsidwa tsiku lobweranso ndi kuloledwa kuchoka pantchito kukatenga mankhwala popanda kudulidwa malipiro.

Zotsatira za gulu lonse, zopanda maina, zimasonyezanso pamene pali vuto. Antchito angapo a malo amodzi akapezeka ndi TB, mpofunika kuona mawindo ndi kuthithikana kwa malowo. Ambiri akakhala ndi mabala m'manja, ndiye kuti magolovesi kulibe kapena ndi osalimba. Kuyeza sikulowa m'malo mwa magolovesi, majombo, zotchinga pakamwa ndi mphuno, sopo ndi madzi osamba poweruka.

Ngozi ikachitika, nthawi imakhala yochepa. Wobayidwa ndi singano asambe pabalapo ndi sopo ndi madzi, auze womuyang'anira kuti ngoziyo ilembedwe, ndipo athamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP ayenera kuyambika maola 72 asanathe, ndipo amamwedwa kwa masiku 28.

Mbali ya anthu okhala m'mawodi

Antchito amenewa ndi makolo, ana ndi anansi a anthu a ku Chiputula, Mchengautuwa, Katawa, Luwinga ndi Chibanja. Mmodzi akagona, fizi ya ana imasowa, lendi imavuta, ndipo zinyalala za mumsika zimagona masiku osatoledwa. Choncho anthu a m'mawodi ali ndi mbali zitatu.

Yoyamba ili pakhomo. Masingano, malezala ndi mabotolo osweka asatayidwe m'thumba limodzi ndi zinyalala zina. Aikidwe m'chigubu cholimba chotseka bwino, ndipo wotola zinyalala auzidwe zimene zili m'katimo. Odwala shuga amene amadzibaya okha jakisoni afunse kuchipatala kumene amalandira mankhwala za kasungidwe ndi katayidwe ka masingano awo.

Yachiwiri ili m'banja. Mayi kapena bambo amene mnzake amagwira ntchito yoopsa amulimbikitse kuyezetsa BP, shuga ndi chifuwa ngakhale kuntchito kusanakonze dongosolo lililonse, ndipo buku la kuchipatala lisungidwe bwino, pakuti ndi umboni wa m'tsogolo.

Yachitatu ili pamisonkhano ya komiti ya chitukuko ya wodi. Chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo, ndipo miyezi ya kukonza bajeti ndi nthawi yoyenera kufunsa khansala mafunso olunjika. Ndi antchito angati a ntchito zoopsa amene adayezedwa chaka chatha? Ndi angati adamaliza katemera wa hepatitis B katatu konse? Kodi aganyu akuwerengedwa nawo? Nanga ndalama za magolovesi ndi majombo zili pamzere uti wa bajeti? Mayankho ake alembedwe m'maminitsi a komiti, kuti pa 28 Epulo, tsiku limene dziko lonse lapansi limakumbukira chitetezo ndi thanzi pantchito, wodi iliyonse izitha kuona zimene zachitika ndi zimene zatsala.