KONKIRE NDI DZUWA LA KU LIVINGSTONE

Ambiri a inu mukasunga ndarama pang'ono, kapena mukalandira za penshoni, mumafuna kumanga galaja, shedi yopaliramo matabwa, kapena nyumba yosungiramo matumba a cimanga. Zonsezi zifuna pansi polimba, ndipo madzulo ano nkhani yathu iri ya kuthira konkire wa pansipo m'dziko lotentha ndi louma monga ku Livingstone.

Malume anga atapuma nchito ya kumgodi anakamanga kwao ku Livingstone. Konkire wa galaja yao anathiridwa m'mwezi wa Okutobala, dzuwa liri pamutu. Mmisiri poona kuti konkire alikuuma m'wilibala, anangoonjeza madzi kuti nchito ipepuke. M'mawa mwace pansi ponse panali ming'alu monga dambo louma, ndipo cisanathe caka ana akasesa anali kukokolola pfumbi la simenti. Malume anadandaula kuti anawagulitsa simenti woipa. Ine sindibvomereza ai. Fakitale ya ku Chilanga, imene inakhazikitsidwa mu 1949, inapereka simenti womangira khoma la Kariba pakati pa 1955 ndi 1959, ndipo khomalo likali kuchinga Zambezi. Simenti ngati amenewa sangalephere kunyamula galimoto imodzi. Colakwa cinali madzi: anacuruka posanganiza, nasowa pambuyo pace.

Anthu ambiri aganiza kuti konkire alimba cifukwa ca kuuma, monga njerwa yadothi. Si tero iai. Simenti akakomana ndi madzi amasanduka cinthu cina, cimene cimamera pang'ono-pang'ono pakati pa mcenga ndi miyala ndi kuzigwira pamodzi. Nchito imeneyi ifuna madzi masiku ambiri. Pa masiku 7 konkire amakhala atapeza pafupi-fupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu yace, ndipo akatswiri amayesa mphamvu yeni-yeni pa masiku 28. Madzi akathawa msanga kulimbako kumaima panjira, monga nyemba zimene madzi aphwera zisanapse.

Tsono taonani Livingstone. Si cipululu, koma kuyambira Meyi kufikira Okutobala mvula siigwa, ndipo mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 35 masiku ambiri. Nkhungu ya Mosi-oa-Tunya isakunyengeni. Siifika ku Dambwa kapena ku Libuyu, ndipo m'mwezi umenewo mathithiwo nawonso amacepa. Dzuwa limamwa madzi a konkire pamwamba, mphepo youma imawauluza, mcenga nawo umawayamwa pansi. Mbala zitatu zimenezi ndizo muyenera kulimbana nazo.

Yambani ndi pansi. Mbali yaikuru ya tauniyi iri pa mcenga wosalala wa mtundu wa ku Kalahari, umene uoneka wolimba ukauma koma umatitimira ukanyowa. Cotsani dothi la pamwamba ndi mizu yonse. Pokwirira musapitirire masentimita 15 nthawi imodzi. Nyowetsani, tsenderani kolimba, kenaka onjezani ena. Thirani mankhwala a ciswe, ndipo yalani pepala la pulasitiki kuti mcenga usayamwe madzi a konkire. Mcenga wa pabwalowo usalowe m'cosanganiza, pakuti ngwosalala kwambiri ndipo ufuna madzi ambiri. Gulani mcenga wa kumtsinje wokhakhala, ndi miyala yoswa yopanda dothi.

Muyeso wabwino wa pansi pa galaja ndi ndowa imodzi ya simenti, ziwiri za mcenga, zitatu za miyala. Ndanena ndowa, osati fosholo, cifukwa fosholo ya munthu wotopa siifanana ndi ya m'mawa. Thumba la simenti la makilogalamu 50 lifuna madzi osapitirira malita 25, ndipo mcenga ukakhala wonyowa cepetsani. Apa ndipo pagona mkangano wa mwini nyumba ndi anyamata a nchito. Iwo akonda konkire wonga phala cifukwa ayenda yekha. Koma madzi oonjezawo akauma amasiya timibowo tambiri-mbiri m'kati, ndipo timibowo sitinyamula kanthu. Konkire wabwino akhale wonga nsima yofewa, woti muvutike naye pang'ono pomyala. Kucindikala kwace kukhale masentimita 10 ngati muikamo galimoto yaing'ono. Pa lole kapena makina olemera pafunika 15 pamodzi ndi waya wacitsulo m'kati.

Nanga nthawi? Yambani tambala akulira, mutsirize dzuwa lisanakwere. Mgolo wa madzi ugone pamthunzi, miyala muiwaze madzi dzulo lace kuti izizire, ndipo mbali imene mphepo icokera muimike mphasa kapena mpanda waudzu. Musaseke kuti izi ndi zazing'ono. Ku Dubai, m'cipululu ceni-ceni, omanga nsanja ya Burj Khalifa, imene inatsegulidwa mu 2010, anali kuthira konkire usiku m'miyezi yotentha, nasanganizamo madzi oundana. Ife madzi oundana ocuruka tero tiribe, koma m'bandakuca tiri nawo mwaulere. Amene angathe kudikira, miyezi ya Juni ndi Julaye iri bwino koposa, ngakhale kuti usiku wace wozizira umacedwetsa kulimba. Sanganizani pang'ono-pang'ono, woti mutha kumyala asanayambe kugwira. Amene wayamba kale kugwira musamdzutse ndi madzi.

Mukayala, gwedezani ndi thabwa kuti mpweya uturuke. Posacedwa pamwamba padzaturuka madzi onyezimira. Dikirani aphwe musanasalaze, ndipo musawaze simenti wouma pamwambapo monga acitira ena pofuna kuti paoneke bwino. Khungu lotero limasendeka. Dziwaninso kuti konkire ali yense amafupika pang'ono pouma, ndipo adzang'aluka ndithu. Nzeru yace ndi kumuuza pong'alukira. Lembani mizere pa mamita atatu ali onse, uku ndi uku, yozama gawo limodzi mwa anai a kucindikala kwace, kuti mng'alu ubisale m'mzere woongoka.

Tsopano tafika pa nchito imene inalephereka kwa malume, imenenso siifuna mmisiri. Konkire akangolimba moti cala sicisiya cizindikiro, mpfunditseni masaka onyowa, ndipo masakawo asaume usana kapena usiku kwa masiku 7. Njira yina, imene ine ndiikonda koposa, ndi kuunda kamzere ka dothi m'mphepete monse ndi kudzazamo madzi, galaja isanduke dziwe. Ngati madzi ali obvuta, nyowetsani bwino ndi kubvundikira pulasitiki, mutapsinja m'mbali mwace ndi njerwa kuti mphepo isalowe. Kuwaza kamodzi m'mawa ndi kupita ku nchito sikuthandiza kweni-kweni, pakuti pofika 10 koloko pauma kale, ndipo kunyowa ndi kuuma mosinthana kumabala ming'alu ing'ono-ing'ono. Popeza mpopi ukhoza kuuma tsiku limene muufunitsa, dzazani migolo iwiri kapena itatu musanatsegule thumba loyamba, ndipo sankhani munthu mmodzi pakhomo amene nchito yace idzakhala imeneyi yokha. Mmisiri akalandira zace sabweranso kudzathirira.

Ana angayendepo patapita masiku awiri. Galimoto yaing'ono idikire masiku 7 atathe, koma lole, makina a shedi ndi mulu wa matumba a cimanga zidikire masiku 28.