John Diefenbaker: Loya yemwe anagonja kasanu asanakhale phungu

Malemu John Diefenbaker, omwe anali nduna yaikulu ya dziko la Canada kuyambira m'chaka cha 1957 kufikira 1963, sanalowe m'nyumba ya malamulo mosavuta. Pakati pa 1925 ndi 1938 iwo anagonja pa zisankho zisanu, kuphatikizapo cha umeya wa mzinda wa Prince Albert, ndipo mpando wauphungu anaupeza mu 1940.

A Diefenbaker anabadwa mu 1895 ku Ontario koma anakulira ku Saskatchewan, komwe anayamba ntchito yauloya mu 1919 m'tauni yaing'ono ya Wakaw. Anatchuka poimirira anthu wamba pa milandu ikuluikulu, ina mwa iyo yakupha, ndipo mtima umenewu ndiwo anapita nawo ku Ottawa.

Atasankhidwa kukhala mtsogoleri wa chipani cha Progressive Conservative mu 1956, iwo anachotsa m'boma chipani cha Liberal chomwe chinali chitalamulira zaka 22. Pa chisankho cha 1958 chipani chawo chinatenga mipando 208 mwa mipando 265.

Ntchito yomwe ankainyadira koposa ndi lamulo loteteza ufulu wa anthu la 1960, lomwe anali atalimenyera nkhondo kuyambira ali kumbali yotsutsa boma. Komabe lamuloli linali lopanda mano kwenikweni chifukwa silinalowe m'malamulo aakulu oyendetsera dziko, ndipo silinkakhudza maboma a zigawo. Vutoli linadzakonzedwa mu 1982. M'chaka chomwecho cha 1960, boma lawo linapatsa eni nthaka a dzikolo, otchedwa First Nations, ufulu woponya voti popanda kutaya maufulu a mtundu wawo.

Pa msonkhano wa atsogoleri a maiko a Commonwealth ku London mu 1961, a Diefenbaker anagwirizana ndi atsogoleri a ku Africa ndi Asia pokana ulamuliro wa tsankho. Mapeto ake dziko la South Africa linatuluka m'bungweli, ndipo linadzabwereramo mu 1994.

Kuyendetsa nduna kunawavuta. Mkangano wa zida za nyukiliya unagawa boma lawo ndipo anagonja kwa a Lester Pearson mu 1963. Chipani chinawalanda utsogoleri mu 1967, koma iwo anapitiriza kuimirira anthu a ku Prince Albert ngati phungu wamba mpaka imfa yawo pa 16 Ogasiti 1979, miyezi itatu isanakwane chipambanireni chisankho chawo cha nambala 13.