Bwalo la Makande M'nyengo ya Dzinja

Walira mvula walira matope, amatero akuluakulu. Ku Liwaladzi, m'boma la Nkhotakota, mwambi umenewu sulira womasulira. Derali lili pa msewu wa M5, pakati pa Nkhotakota ndi Dwangwa, m'chigwa chimene madzi ochokera ku mapiri a kuzambwe amadutsamo popita ku nyanja. Kugombe kuli mchenga, koma m'malo otsika muli makande, dothi lakuda lija limene mpunga umakondwera nalo. Tsono dothi lokomera mpunga ndi lomwelo limene limasautsa pabwalo la nyumba.

Makande ndi dothi losalala kwambiri, lopanda mipata yoti madzi adutsemo msanga. M'chilimwe limauma gwa, nkuchita ming'alu. Mvula yoyamba imalowa m'ming'alumo, dothi limafufuma, ming'alu ija nkutsekeka. Kuyambira pamenepo madzi salowanso pansi, amangoti ndenge pamwamba. Komanso kufupi ndi nyanja madzi a pansi pa nthaka sakhala patali, makamaka m'zaka zimene nyanja yakwera monga 1980 ndi 2024. Choncho pa makande madzi ayenera kupatsidwa njira yoyendamo, pakuti pansi palibe kothawira.

Madziwo si ochepa. Mvula ya mamilimita 50 ikagwa pa denga la malata la mamita 8 mulitali ndi 6 mulifupi, pamatsika malita 2,400, ndiye kuti ndowa 120 za malita 20. Onsewa amagwera m'mbali mwa chipupa. Ngati nyumba ili ya zidina, chipupa chimanyowa kuyambira pansi mpaka kugwa. Zimbudzi zimasefukira, ndipo m'zithaphwi udzudzu umatha kuswana m'masiku osapitirira khumi.

Phunziro labwino likuchokera ku mabwalo a mpira. M'chaka cha 2008 bwalo la Kamuzu Stadium mu mzinda wa Blantyre linayalidwa kapinga wa pulasitiki ndi thandizo la bungwe la FIFA. Ena poona kapinga wotere amaganiza kuti iye ndiye mankhwala a matope. Zoona zake nzakuti kapingayo ali ndi tiziboo tongolola madzi kudutsa; ntchito yeniyeni imagwiridwa ndi miyala ndi mapaipi zimene zili pansi pake. Munthu akamuyala pa makande popanda zimenezi, madzi amakhala kunsi, pamamera ndere, pamanunkha, ndipo dothi likamafufuma ndi kunyala bwalo limachita zigolowondo. Bwalo likhale la kapinga wa pulasitiki, la kapinga weniweni kapena losesa chabe, lamulo ndi limodzi.

Ntchito imayamba mvula ikugwa. Mwini nyumba aone kumene madzi akuchokera, pamene akuima ndi kumene akufuna kupita, azike zikhomo. Akumbenso dzenje lakuya masentimita 30 ndi kulidzaza madzi. Ngati mawa lake madzi akadalimo, dothilo silimwa, ndipo dzenje la miyala lomwetsera madzi, limene limathandiza pa mchenga, pamenepo lingosanduka chitsime.

Kukumba kwenikweni kuchitike mvula itatha, dothi lisanaume gwa. Choyamba, bwalo litsetsereke kuchoka ku nyumba, kutsika masentimita awiri pa mita iliyonse, ndipo khonde likwezedwe. Chachiwiri, madzi a padenga atapidwe m'migolo kapena agwere mu ngalande ya njerwa zootcha. Chachitatu, kumtunda kwa nyumba kukumbidwe ngalande yopingasa yoti ilande madzi asanafike pabwalo. Ngalande ya pa makande ikhale yotambalala, ya m'mbali mopendekeka, pakuti yoongoka ngati dzenje imagumuka. M'mphepete mwake mubzalidwe udzu wa vetiva, umene mizu yake imagwira dothi.

Pamene ngalande yoonekera ingasokoneze anthu ndi ana osewera, ikwiriridwe. Pansi pake pagonekedwe paipi yoboolaboola, pamwamba pathiridwe miyala ya kwale. Wofuna kuyala kapinga wa pulasitiki, kaya pa sukulu kapena pa malo ogona alendo kugombe, ayambe wachotsa dothi la pamwamba masentimita 10 kapena 15. Kenaka ayale chinsalu chija chimene chimalola madzi kudutsa koma nkutsekereza matope, athire kwale, asinje bwino, ndipo kapinga abwere pomaliza. Kuwaza mchenga pang'ono pa makande sikuthandiza kanthu, mchengawo umangomira m'matope.

Ngalande iliyonse iyenera kukhala ndi kotulukira. Apa ndi pamene pamabuka milandu, chifukwa madzi ochotsedwa pa khomo lina amakathera pa khomo la mnansi. Nchifukwa chake nkwabwino kuti mabanja oyandikana akhale pansi pamodzi ndi a mfumu, agwirizane za ngalande imodzi yaikulu yopita ku khwawa kapena ku dimba, kumene nthochi ndi nzimbe zidzawalandira bwino madziwo. Idutse kutali ndi chimbudzi ndi chitsime, ndipo ichotsedwe zinyalala mvula isanayambe.

Komabe ngalande ya pabwalo ili ndi malire ake. Kumapeto kwa Febuluwale 2024 madzi anasefukira m'dera la Dwangwa, nagwetsa nyumba zambiri ndi kudula msewu wa M5. Madzi otero palibe khasu limene lingawabweze. Madzi saiwala khwawa, ndipo nyumba yomangidwa m'njira yawo njofunika kusamutsidwira kumtunda. Koma matope a chaka ndi chaka, amene amagwetsa zipupa ndi kudwalitsa ana malungo, amagonja kwa banja limene laona bwino kumene madzi akupita ndi kuwakumbira njira nthawi ikadalipo.