Injini ya galimoto yakale yaliwiro ikafa, yolowa m'malo isankhidwe motani?

Galimoto zakale zaliwiro nthawi zambiri zimafa injini thupi likadali lokongola. Zikatero mwini wake amatsala ndi njira zitatu: kukonzetsa injini yomweyo, kuikamo ya mtundu wina, kapena kuisiya galimotoyo kuti idyedwe ndi dzimbiri kuseri kwa nyumba. Ambiri amathamangira njira yachiwiri, ndipo amayamba ndi kufunsa kuti injini yamphamvu koposa ndi iti. Komatu funso lopulumutsa ndalama ndi lina: kodi ndi injini iti imene idzalirebe m'mawa uliwonse zaka zisanu zikubwerazi, ndipo ikadzavuta adzaikonza ndani?

Mazda RX-8, yomwe inkapangidwa ku Japan kuyambira 2003 mpaka 2012, ndi chitsanzo chabwino. Injini yake, yotchedwa Renesis, ndi ya mtundu wa rotary ya malita 1.3. Ilibe mapisitoni; m'malo mwake muli zitsulo ziwiri za ngodya zitatu zimene zimazungulira m'kati, ndipo zina mwa injinizi zimafika maulendo 9,000 pa mphindi. Kunsonga kwa ngodya iliyonse kuli kachitsulo kotseka mpweya kotchedwa apex seal. Tizitsuloti tikaperepeseka, injini imataya mphamvu ndipo imavuta kulira ikatentha. Injiniyi inapangidwanso kuti izitentha oyilo pang'onopang'ono, choncho wosayang'ana oyilo pafupipafupi amaipha msanga. Kuiphwasula ndi kuimanganso kumafuna makaniko wodziwa rotary, ndipo oterowo ndi ochepa. Apa ndi pamene maganizo oikamo injini ya mapisitoni amabadwira.

Injini zinayi zotchuka

Yotchuka kwambiri ku America ndi LS ya kampani ya General Motors. Yoyamba, LS1 ya masilinda 8 ndi malita 5.7, inatuluka mu Corvette ya 1997. Ndi yosakula thupi poyerekeza ndi mphamvu zake, ndipo kumeneko masipeya ake ali paliponse. Kuno galimoto za injiniyi n'zosowa, kotero kachipangizo kakang'ono kakafa galimoto ikhoza kuima milungu ingapo kudikira katundu wochokera kunja.

Yachiwiri ndi 1UZ-FE ya Toyota, ya masilinda 8 ndi malita 4.0, imene inayamba mu 1989 mu Lexus LS400 ndi Toyota Celsior. Ndi ya aluminiyamu ndipo imadziwika ndi kukhalitsa. Ku South Africa amaiika m'galimoto zamitundumitundu, motero amisiri ndi masipeya ake ali pafupi. Vuto lake ndi lakuti ndi yotambalala, komanso inkatuluka ndi giyabokosi yosintha yokha. Wofuna kusintha magiya ndi dzanja ayenera kugula chitsulo cholumikizira giyabokosi ina.

Palinso 1JZ ndi 2JZ, injini za masilinda 6 ondandalikana zimene zili mu Mark II, Chaser, Crown ndi Supra. Amakaniko ambiri m'mizinda ya kuno anazizolowera. Koma n'zazitali ndiponso zolemera, ndipo RX-8 inapangidwa kuti kulemera kwake kugawike pafupifupi mofanana kutsogolo ndi kumbuyo. Kutsogolo kukalemera, galimoto siimveranso chiwongolero pokhota monga kale.

Yachinayi ndi K24 ya Honda, ya masilinda 4 ndi malita 2.4, yopezeka mu Accord ndi CR-V. Ndi yopepuka, simwa mafuta kwambiri, ndipo ili ndi tcheni m'malo mwa lamba wa timing. Popeza inapangidwa kuti izikhala mopingasa, imafuna zitsulo zapadera kuti iyendetse matayala akumbuyo.

Pa zinayizi palibe yopambana ponseponse. Yodalirika ndi imene masipeya ake amagulika mumzinda momwemo, ndiponso imene anthu ena anaiikapo kale m'galimoto ya mtundu womwewo, chifukwa mavuto ake amakhala odziwika.

Chimene chimagwetsa ntchito

Kawirikawiri galimoto yosinthidwa injini siima chifukwa cha injiniyo, koma chifukwa cha zoizungulira. Choyamba ndi mawaya. Mu RX-8 chiwongolero chimathandizidwa ndi magetsi, ndipo icho pamodzi ndi mawotchi a pa dashibodi zimadalira uthenga wochokera ku kompyuta ya injini. Kompyutayo ikachotsedwa popanda china chotumiza uthengawo, chiwongolero chimauma ndipo mawotchi amafa.

Chachiwiri ndi kutentha. Injini yaikulu m'malo opanikizika imafuna radiator ndi mafani oyenerana nayo, makamaka pamdipiti wa galimoto m'mwezi wa Okutobala. Chachitatu ndi kakhalidwe ka injini: ikakhala yopendekeka, propshaft imanjenjemera n'kuwononga giyabokosi, ikatsika kwambiri, sampu imang'ambika pa hampu. Pomaliza, mphamvu zikachuluka, mabuleki, klatchi ndi difu ziyeneranso kuunikidwa. Ndalama zogulira injini ndi gawo chabe la mtengo wonse, ndipo woiwala zimenezi amasiya galimoto pagalaja ntchito ili pakati.

Pogula injini

Injini yotsukidwa bwino isanyenge wogula, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ndi bwino kuyeza compression ya silinda iliyonse, kutsegula chotsekera oyilo kuti aone ngati mulibe matope akuda, ndi kuimva ikulira ngati n'kotheka. Kugula theka lakutsogolo la galimoto, lomwe ogulitsa amati half-cut, kumathandiza chifukwa injini imabwera ndi kompyuta, mawaya ndi giyabokosi yake. Lamba wa timing, pampu ya madzi ndi masilo zisinthidwe injini isanalowe m'galimoto, pamene manja akufika paliponse mosavuta.

Wogula asungenso risiti yolembedwa nambala ya injini. Nambalayo imakhala pa zikalata za galimoto, choncho nthambi yoona za pamsewu ya Road Traffic iyenera kudziwitsidwa za kusinthako, chimodzimodzinso kampani ya inshuwalansi, yomwe ikhoza kukana kulipira ngozi itachitika ngati sinauzidwe.

Asanagule chilichonse, mwini galimoto afunse kaye mtengo wokonzera injini yakaleyo ndi kuuyerekeza ndi mtengo wonse wa kusintha. Nthawi zina kukonza n'kotsika mtengo, ndipo galimoto yokhala ndi injini yake yeniyeni sivuta kugulitsa.